Paipi yatsopano, kompyuta yakale: kutchuna injini ekizozi ikasinthidwa

Pafupifupi galimoto iliyonse ya petulo yopangidwa m'zaka 30 zapitazi ili ndi kompyuta yaing'ono yobisika pansi pa boneti kapena kuseri kwa dashibodi, imene amakaniko amaitchula mwachidule kuti ECU, ndipo ntchito yake ndi kugamula kuchuluka kwa mafuta olowa m'silinda iliyonse, nthawi yoti pulagi ithethetse moto, komanso, ngati injiniyo ili ndi turbo, mphamvu imene mpweya ukankhidwire nayo m'kati. Injini ya masilinda anayi ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi, moto umayaka ka 200 pa sekondi, ndipo kuyaka kulikonse kumatsata manambala amene akatswiri a kufakitale analemba atayesa injiniyo ili ndi ekizozi inayake, sefa ya mpweya inayake ndi mafuta a mtundu winawake. Munthu akachotsa ekizoziyo n'kuika ina yotakata amakhala atasintha kapumidwe ka injini, koma manambala aja amatsala momwe analili. Kutchuna kompyuta ndi ntchito yolembanso manambalawo kuti agwirizane ndi zitsulo zatsopano, ndipo imeneyi ndiyo mbali imene eni galimoto ambiri amaidumpha, popeza paipi imaoneka ndi kumveka pomwe pulogalamu siioneka.

Kompyuta sinalowe mu injini pofuna liwiro. Inalowa chifukwa cha malamulo oletsa utsi woipa, makamaka a ku America, amene kabuleta yakale, yosakaniza mpweya ndi petulo popanda kuyeza chilichonse, sikanatha kuwakwaniritsa. Kampani ya Bosch ya ku Germany inaika makina amagetsi opopera mafuta otchedwa D-Jetronic mu Volkswagen 1600 m'chaka cha 1967. Mu 1976 Volvo inayamba kugulitsa galimoto zokhala ndi sensa yoyeza okosijeni wotsala mu utsi, imene imadziwika ndi dzina loti lambda. Ndipo mu 1979 BMW 732i inatuluka ndi Motronic, kompyuta imodzi yoyang'anira mafuta ndi mapulagi pamodzi. Kuyambira 1996 galimoto zonse zogulitsidwa ku America zinakakamizidwa kukhala ndi soketi yofanana ya mabowo 16 pafupi ndi chiwongolero, yotchedwa OBD-II, kuti oyendera utsi azitha kuwerenga zimene kompyuta yasunga. Soketi imene boma linaifuna kuti lizigwirira olakwa ndi yomweyo imene otchuna amalowerapo lero.

Nambala yoyamba imene aliyense wofuna kumvetsa nkhaniyi ayenera kuidziwa ndi 14.7. Kuti petulo wosasakaniza apse yense osasiya mafuta kapena okosijeni, pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya pa kilogalamu imodzi ya petulo. Mpweya ukachuluka kuposa pamenepo amati injini ikuyenda ndi mafuta ochepa, ndipo ukachepa amati mafuta achuluka. Kompyuta imasunga ndandanda za manambala zotchedwa mapu, zimene mbali ina zimasonyeza liwiro la kuzungulira kwa injini ndipo mbali ina katundu amene injiniyo yasenza, moti pa mphambano iliyonse ya ziwirizi pali nambala yonena mafuta oyenera, ina yonena nthawi ya moto, inanso yonena mphamvu ya turbo. Kompyuta zamakono zili ndi mapu otere mazanamazana, ena okhudza kuzizira kwa m'mawa, ena kutentha kwa madzi, ena kusintha kwa magiya, koma wotchuna wanzeru amakhudza ochepa okha.

Pali chikhulupiriro chofala m'magalaja chakuti kompyuta imaphunzira yokha, choncho ekizozi iliyonse ikaikidwa, imangozolowera pakapita masiku. Mawuwa ndi oona theka. Galimoto ikamayenda mwachifatse, dalaivala ataponda faya pang'ono, kompyuta imamvera sensa ya lambda kangapo pa sekondi ndipo imawonjezera kapena kuchepetsa mafuta kuti chisakanizo chizikhala pa 14.7; kusintha kumene kwachitika mobwerezabwereza imakusunga kuti idzayambire pomwepo ulendo wotsatira. Koma kudzikonza kumeneku kuli ndi malire, amene pa galimoto zambiri ali cha pa 25 peresenti mbali iliyonse, ndipo akapyoledwa nyale yachikasu ya injini imayaka, makina owerengera n'kuonetsa nambala ngati P0171, kutanthauza kuti mafuta akuchepa kuposa momwe kompyuta ingakonzere.

Theka linalo ndi limene limapha mainjini. Dalaivala akaponda faya mpaka pansi, galimoto zambiri za m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000 zimasiya kumvera sensa ija n'kudalira mapu okha, chifukwa pa nthawi imeneyo injini siifunanso 14.7 koma mafuta ochulukirapo, cha pa magawo 12.5 mpaka 13 a mpweya pa injini yopanda turbo, ndi 11 mpaka 12 pa injini ya turbo. Mafuta owonjezerawo sapsa onse; ntchito yawo ndi kuziziritsa m'kati mwa silinda pamene akusanduka nthunzi. Sensa ya lambda ya mtundu wakale imangodziwa kusiyanitsa pamwamba ndi pansi pa 14.7, osati kuti chisakanizo chapatuka mochuluka bwanji, motero pamene ngozi ili yaikulu kwambiri m'pamenenso kompyuta ilibe woiuza zoona. Galimoto imatha kuyenda bwino m'tauni miyezi ingapo, mwini wake n'kumatamanda paipi yake, vuto n'kudzaonekera tsiku limodzi pokwera chitunda kapena popitirira lole pa msewu waukulu.

Sikuti kusintha kulikonse kwa ekizozi kumafuna kutchuna. Ekizozi ili ndi zigawo: mapaipi ochokera ku masilinda amene amakumana pamodzi, chosefera utsi chotchedwa catalytic converter, paipi yapakati, ndi sayilensa ya kumbuyo yochepetsa phokoso. Kusintha zigawo zimene zili kuseri kwa chosefera utsi kumasintha mamvekedwe a galimoto koma kapumidwe ka injini sikasintha kwenikweni, ndipo kompyuta imakwanitsa yokha. Pa galimoto zing'onozing'ono zopanda turbo monga Toyota Vitz kapena Nissan Tiida, paipi yaikulu ngati mgolo siibweretsa mphamvu yoti munthu n'kuimva, ndipo ikatakata mopitirira muyeso utsi umayenda mwapang'onopang'ono m'kati mwake, injini n'kufooka pa liwiro lochepa, pomwe dalaivala amathera nthawi yambiri. Phokoso limanamiza khutu, koma wotchi sinamizika.

Nkhani imasintha kwambiri pa injini ya turbo, ndipo chitsanzo chodziwika bwino ndi Subaru Impreza WRX, imene inatuluka ku Japan mu 1992 ndipo inatchuka Colin McRae atapambana nayo mpikisano wa dziko lonse wa galimoto za m'misewu ya fumbi mu 1995. Turbo ndi mapiko awiri olumikizidwa ndi kachitsulo kamodzi: utsi wotuluka mu injini umazungulitsa phiko lina, ndipo linzakelo limakankhira mpweya wambiri m'masilinda. Phiko la mbali ya utsi limazungulira molingana ndi kusiyana kwa mphamvu ya utsi kutsogolo ndi kumbuyo kwake, choncho paipi yoyamba yotuluka mu turbo, imene otchuna amaitcha downpipe, ikasinthidwa ndi yotakata kapena yopanda chosefera, turbo imayamba msanga ndipo imathamanga kuposa momwe mapu akuyembekezera. Pali kachitseko kotchedwa wastegate kamene kamapatutsa utsi wina kuti turbo isapitirire muyeso, koma kukula kwake ndi mapu okatsegulira anawerengera paipi ya kufakitale, ndipo paipiyo ikachoka, kachitsekoka kamatha kutseguka mochedwa kapena kulephera kupatutsa utsi wokwanira. Mphamvu ya mpweya, imene pa WRX ya kufakitale imakhala cha pa bar imodzi, imadumpha kapena kukwera pang'onopang'ono injini ikamafika pa liwiro lalikulu, n'kulowetsa injini m'zigawo za mapu zimene sizinalembedwere katundu wotere.

Chimene chimatsatira ndi kugogoda kwa injini, kumene akatswiri amati knock. Pulagi ikayatsa chisakanizo, moto umayenera kufalikira mwadongosolo kuchokera pakati. Koma kutentha ndi kupanikizika zikapyola chimene mafutawo angapirire, chisakanizo chotsala m'mbali mwa silinda chimaphulika chokha moto usanachifike, ndipo kuphulikako kumamenya pisitoni ngati nyundo. Injini ili ndi sensa yomva kugogodako, ndipo kompyuta ikakumva imachedwetsa moto, koma imachita zimenezi kuphulikako kutachitika kale. Mainjini a Subaru a mtundu wa EJ25, a malita 2.5, ndi odziwika pakati pa otchuna chifukwa cha kusweka kwa kachigawo kopyapyala ka pisitoni kamene kali pakati pa maringi. Kakasweka injini imayamba kudya oilo, silinda imodzi imafooka, ndipo ikapitiriza kuyendetsedwa pamapeto pake imanoka. Mtengo wa kutchuna ndi kambali kochepa chabe ka mtengo womanganso injini yotere.

Mbali yolowera mpweya nayonso ili ndi msampha wake, umene ambiri sauganizira chifukwa paipi yake ndi yotchipa komanso yosavuta kuika. Galimoto zambiri zimayeza mpweya ndi sensa yotchedwa MAF, kawaya kotenthedwa ndi magetsi kamene kamazizira molingana ndi mpweya wodutsa, ndipo kompyuta imawerengera mpweya wonse poganiza kuti kawayako kali m'paipi ya kukula kwinakwake. Paipiyo ikasinthidwa ndi yotakata, mpweya womwewo umadutsa pa kawaya mofatsa, kompyuta n'kuganiza kuti wachepa, n'kuchepetsa mafuta ndi kufulumizitsa moto pa nthawi imene injini ikufuna zosiyana ndi zimenezo. Sefa zopakidwa oilo zikathiridwa oilo wambiri zimadetsa kawayako, zotsatira zake n'kukhala zofanana.

Galimoto zatsopano kwambiri, monga Volkswagen Golf GTI imene achinyamata a ku Johannesburg ndi Durban amaikonda, zimagwira ntchito mosiyana pang'ono, popeza zili ndi sensa ya lambda yowerenga chisakanizo chonse ndipo kompyuta zake zimamvera sensayo ngakhale faya ili pansi. Kompyuta zoterezi zimayamba ndi kuwerengera mphamvu yopotokola imene dalaivala akupempha, n'kulola mpweya ndi mafuta okwanira mphamvu imeneyo basi, choncho paipi yotakata ikaikidwa kompyuta imangobweza turbo kuti mphamvu ikhale yomwe ija. Apa kutchuna si nkhani yoteteza injini kwenikweni. Popanda kutchuna ndalama za paipiyo zimangogula phokoso. Makampani ogulitsa mapulogalamu anagawa ntchito yawo m'masiteji, pomwe Stage 1 kawirikawiri ndi pulogalamu yokha pa galimoto yosasinthidwa ndipo Stage 2 ndi pulogalamu pamodzi ndi downpipe, koma palibe bungwe limene linakhazikitsa mayinawa, ndipo Stage 2 ya kampani ina ikhoza kusiyana kutali ndi ya kampani inzake.

Njira zofikira manambalawo zakhala zikusintha. M'zaka za m'ma 1980 wotchuna ankatsegula kompyuta, kuzula kachipangizo kosunga mapu n'kuikapo kena, ndipo masiku ano amalemba kudzera pa soketi ya OBD-II ndi zipangizo monga Accessport ya kampani ya Cobb, KESS ya Alientech ya ku Italy, kapena mapulogalamu a HP Tuners, Hondata ndi EcuTek. Kompyuta zatsopano zokhomedwa mwamphamvu zimafuna kuchotsedwa mu galimoto kaye. Njira ina ndi kabokosi kowonjezera kamene kamakhala pakati pa masensa ndi kompyuta n'kusintha zimene kompyutayo ikumva, monga Unichip ya kampani ya Dastek ya ku Pretoria, imene yaikidwa pa mapikapu ambiri kumwera kwa Africa. Galimoto za mpikisano zimachotseratu kompyuta ya kufakitale n'kuika ya Haltech, MoTeC kapena Link, zimene zimafuna kuti mapu onse alembedwe kuyambira pachiyambi, kuphatikizapo zinthu zonyozeka ngati kulizira injini m'mawa kukuzizira.

Ntchito yeniyeni imayamba kompyuta isanakhudzidwe. Wotchuna wodziwa amayeza kaye ngati masilinda onse akupanikiza mpweya mofanana, amafufuza mapaipi odontha mpweya, amaona mapulagi, pampu ya mafuta ndi sefa yake, chifukwa injini yodwala ikapatsidwa mphamvu zambiri imangofulumira kufa. Kenako amakopera pulogalamu ya kufakitale n'kuisunga, amamangirira galimoto pa makina oyezera mphamvu otchedwa dyno, pomwe matayala amazungulitsa migolo yachitsulo galimoto ili pamalo amodzi, amaika sensa yake ya lambda yowerenga chisakanizo chonse, ndipo amathamangitsa injini asanasinthe kalikonse kuti akhale ndi poyambira. Akatero amakonza kawerengedwe ka mpweya kuti kompyuta izidziwa zoona, amakonza mafuta, amakweza mphamvu ya turbo pang'onopang'ono akuonetsetsa kuti mainjekita, amene ndi timipopi topopera mafuta, sakukhala otsegula kupitirira 85 peresenti ya nthawi yawo, popeza kupyola apo sakhala ndi chotsala choperekera mafuta akafunika.

Nthawi ya moto imabwera pomaliza ndipo imasunthidwa digiri imodzi imodzi. Pulagi imayatsa pisitoni isanafike pamwamba penipeni kuti mphamvu ya kuyakako ifike pachimake pisitoniyo itangoyamba kutsika, cha pa madigiri 15 kuchokera pamwambapo. Kufulumizitsa moto kumawonjezera mphamvu mpaka penapake, ndipo kupitirira apo sikuwonjezeranso kanthu koma kutentha ndi kugogoda. Pa injini ya turbo kugogoda kumayamba malo abwino aja asanafikidwe, motero luso la wotchuna lili pa kudziwa polekezera ndi kubwerera mmbuyo pang'ono. Mphamvu zimene amapeza, zomwe pa injini ya turbo zimatha kufika gawo limodzi mwa magawo asanu pomwe pa yopanda turbo zimakhala zochepa zedi, si zimene akatswiri a kufakitale anaiwala. Iwo anasiya dala mpata chifukwa galimoto yomweyo imagulitsidwa kumaiko otentha ndi ozizira, kwa anthu osamala ndi osintha oilo mochedwa, ndipo iyenera kutha zaka za chitsimikizo isanawonongeke. Wotchuna amadya mpata umenewo, ndipo funso loyenera kumufunsa ndi lakuti wasiyako wochuluka bwanji.

Kukula kwa mpata wofunika kumatengera mafuta ndi malo. Nambala ya octane imasonyeza mmene petulo amapiririra kupanikizika asanaphulike yekha, ndipo galimoto za turbo zopangidwira msika wa ku Japan zinalembedwera petulo wa kumeneko wofika pa 98 mpaka 100, pomwe ku South Africa mapampu amagulitsa wa 93 ndi 95. Kutalika kwa malo nakonso kumasintha zinthu: ku Johannesburg, mamita pafupifupi 1,750 pamwamba pa nyanja ya mchere, mpweya ndi wopepuka moti injini yopanda turbo imataya pafupifupi 17 peresenti ya mphamvu zake, pomwe ya turbo imabweza zotayikazo pothamangitsa turboyo mowonjezera, zimene zimatenthetsa mpweya. Ku Malawi, komwe galimoto zambiri ndi zakale zochokera ku Japan, petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe kuyambira 1982, poyamba wa ku Dwangwa ndipo kenako wa PressCane ku Chikwawa. Ethanol amapirira kugogoda kuposa petulo, koma amafuna magawo 9 okha a mpweya, choncho petulo wokhala ndi 10 peresenti ya ethanol amapsa bwino cha pa 14.1, ndipo wa 20 peresenti cha pa 13.5, kutanthauza kuti mainjekita ayenera kupereka mafuta ochulukirapo pa mpweya womwewo. Galimoto imene m'mawa ili ku Dedza kozizira, mamita pafupifupi 1,600, ndipo madzulo ikukwera chitunda cha ku Thabwa kuchokera ku chigwa cha Shire mwezi wa Okutobala, kutentha kutapyola madigiri 40, yadutsa m'nyengo ziwiri zimene mapu ake ayenera kuzipirira zonse.

Pa chifukwa chimenechi fayilo yogulidwa pa intaneti n'kulowetsedwa ndi kalaputopu pansi pa mtengo ndi yokayikitsa, ngakhale itachokera kwa katswiri weniweni, popeza katswiriyo anailembera galimoto ina, mafuta ena ndi nyengo ina. Mafayilo ena otchipa amapeza mphamvu zawo pogonthetsa sensa ya kugogoda kapena kuchotsa malire amene amadula mafuta turbo ikapitirira muyeso, ndipo galimoto imathamangadi, kufikira tsiku limene chitetezocho chikanafunika. Kumene kulibe dyno, kujambula manambala a masensa galimoto ikuyenda n'kuwatumiza kwa wotchuna wakutali, iye n'kukonza fayilo kangapo, ndi njira yabwinoko kusiyana ndi kungokhulupirira.

Injini ya dizilo imatsata malamulo ena. Ilibe mapulagi oyatsa moto ndipo nthawi zonse imayenda ndi mpweya wochuluka, choncho mphamvu imakwera powonjezera mafuta, ndipo mosiyana ndi ya petulo, mafuta akachuluka m'pamene imatentha. Utsi wakuda umene ena amauona ngati chizindikiro cha mphamvu ndi dizilo amene sanapse, ndipo kutentha kwa utsi kukakhala nthawi yaitali pamwamba pa madigiri 700, monga pikapu ikamakoka katundu pa chitunda, mapisitoni ndi turbo zimawonongeka. Ambiri amachotsanso sefa yogwira mwaye yotchedwa DPF n'kulemba pulogalamu yoti kompyuta isaifunenso, ngakhale kuti mu 2012 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la World Health Organization inaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa.

Chosefera utsi cha galimoto ya petulo chili ndi platinum, palladium ndi rhodium, zitsulo zimene zimasandutsa mpweya wapoizoni woposa 90 peresenti kukhala wosaopsa kwenikweni, ndipo mtengo wa zitsulozi ndi umene umachititsa kuti galimoto zina zakale zifike kwa ogula chosefera chitachotsedwa kale. Kuseri kwake kuli sensa yachiwiri yoona ngati chikugwira ntchito, ndipo chikachoka kompyuta imaonetsa nambala P0420. Kuzimitsa nambala imeneyi m'pulogalamu si kutchuna, ndi kubisa umboni. Chimodzimodzinso mapu ophulitsa ekizozi dalaivala akachotsa phazi pa faya, amene amachedwetsa moto kuti mafuta akapsere m'paipi: sawonjezera mphamvu iliyonse, koma amawotcha mavavu, turbo ndi chosefera.

Maboma nawo akudziwa kuti utsi wa galimoto umagamulidwa ndi pulogalamu. Mu Seputembala 2015 bungwe loona za chilengedwe la EPA ku America linaulula kuti Volkswagen inalemba pulogalamu yozindikira kuti galimoto ikuyesedwa, n'kumachepetsa utsi pa nthawi yokhayo, pomwe pamsewu mpweya wa nitrogen oxide unkafika ka 40 kuposa malire. Galimoto pafupifupi 11 miliyoni pa dziko lonse zinakhudzidwa. Kuchokera apo diso linatembenukiranso kwa otchuna. Ku California, kuyambira Julaye 2021, galimoto yokhala ndi pulogalamu yosavomerezedwa imalephera mayeso a utsi, ndipo mu 2024 Cobb, kampani imene eni WRX ambiri amadalira, inavomera kulipira chindapusa cha madola 2.9 miliyoni chifukwa cha zipangizo zolepheretsa zotetezera utsi. Ku Britain galimoto ya dizilo yochotsedwa DPF yakhala ikulephera mayeso oyendera galimoto otchedwa MOT kuyambira 2014, ndipo ku Germany kutchuna kosalembetsedwa kumathetsa chilolezo cha galimoto choyenda pamsewu.

Mphamvu zowonjezera sizithera mu injini: zimadutsa mu kilachi, m'giyabokosi ndi m'matayala, ndipo mabuleki ndi amene ayenera kuziimitsa, pomwe zonsezi zinapangidwira mphamvu za kufakitale. Makampani opanga galimoto amatha kuona kuti pulogalamu inalembedwanso ngakhale yoyambayo itabwezeretsedwa, ndipo amakana kulipira zowonongeka za mu injini. Makampani a inshulansi nawo amatha kukana kulipira ngozi ngati kusinthako sikunanenedwe. Mwini galimoto amene wapereka ndalama kwa wotchuna ayenera kuchoka pa galajapo ali ndi fayilo ya kufakitale, pepala la dyno losonyeza mphamvu ndi chisakanizo cha mafuta ntchito isanayambe ndi itatha, komanso dzina la petulo amene mapuwo alembedwera, ndipo wotchuna amene sangapereke zimenezi sanayeze injiniyo.